MBIRI YA AMPULIFAYA YA GITALA NDI KUCHEPETSA MPHAMVU YAKE

Gitala ya bokosi ili ndi mawu ochepa. Munthu akamaimba nayo pakhonde madzulo, amene akhala pafupi amamva bwino. Koma pakabwera ng'oma ndi malipenga, woimba gitala angooneka zala zokha zili kuyenda, mawu ake osamveka. Limeneli ndilo vuto limene linasautsa oimba gitala a ku America m'zaka za m'ma 1920. Amisiri analimbana nalo zaka pafupifupi 40, kufikira gitala inaposa zoimbira zina zonse pa kufuula. Atapambana chotero anapeza kuti adziitanira vuto lina, pakuti mawu amene anawakuzawo anayamba kugonthetsa eni ake omwe. Motero amisiri anayambanso ntchito yachiwiri, ndiyo ya kuchepetsa phokoso popanda kutaya kukoma kwa mawu. Ntchito yachiwiriyi inali yovuta kuposa yoyamba.

Kabotolo kokuza mawu

Chiyambi cha nkhani yonse ndi kabotolo ka galasi kotchedwa valavu, kamene anthu a ku America amati tube. Valavu yoyamba inapangidwa ndi John Ambrose Fleming ku London m'chaka cha 1904. M'chaka cha 1906 Lee de Forest wa ku America anaonjezamo kawaya kena, ndipo kawaya kameneko ndiko kanatheketsa valavu kukuza mawu.

Valavu ifanana ndi babu la magetsi, ndipo m'kati mwake mulibe mpweya. Pakati pake pali kachitsulo kamene kamatenthetsedwa ndi waya kufikira kafiira. Kakatentha kamatulutsa tinthu tating'onoting'ono ta magetsi, tosaoneka ndi maso, totchedwa ma electron. Tinthu timeneti timakokedwa ndi chitsulo china chozungulira, chotchedwa plate. Pakati pa ziwirizi pali kawaya ka de Forest kaja, kolukidwa ngati sefa, kamene kamagwira ntchito ya chipata. Magetsi ochepa kwambiri ochokera ku nsambo za gitala akafika pa chipatacho, amachitsegula ndi kuchitseka molingana ndi kunjenjemera kwa nsambo. Chotero magetsi ochepa amalamulira magetsi ambiri, monga mmene mwana mmodzi wogwira chitseko cha khola alamulira kutuluka kwa ng'ombe zambiri.

Pali mawu awiri amene owerenga ayenera kuwadziwa. Volt ndiwo muyeso wa kukankha kwa magetsi, monga madzi ochokera m'thanki yapamwamba akankha kolimba kuposa a m'thanki yapansi. Watt ndiwo muyeso wa ntchito imene magetsiwo aigwira. Valavu imafuna magetsi a mitundu iwiri: ochepa otenthetsera waya uja, amene m'maampulifaya ambiri a gitala ndi mavolt 6.3, ndi ena ambiri okokera ma electron ku plate, amene amakhala pakati pa mavolt 300 ndi 500. Akuluakulu amene anamverapo wailesi ya Saucepan Special, imene inayamba kugulitsidwa ku Northern Rhodesia m'chaka cha 1949 nifalikira mpaka ku Nyasaland, anali kumva mawu okuzidwa ndi mavalavu. Batire yake yaikulu ija inali kupereka magetsi a mitundu iwiri yomweyi. Kusiyana kwa magetsi awiriwa kukumbukiridwe, chifukwa ndipo pagona mapeto a mbiri ino.

Mu ampulifaya ya gitala muli mavalavu ang'onoang'ono oyamba kulandira mawu, ndi ena akuluakulu otsiriza, amene amapereka mphamvu yogwedeza sipika. Mwa akuluakuluwo odziwika kwambiri ndi 6L6, imene kampani ya RCA inatulutsa m'chaka cha 1936, ndi EL34 ya ku Ulaya.

Cholakwa chimene anthu anachikonda

Gitala ya magetsi inayamba kugulitsidwa ku Los Angeles m'chaka cha 1932, yopangidwa ndi George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker. Pofika 1939 mnyamata wina dzina lake Charlie Christian anali kuimba gitala yotere m'gulu la Benny Goodman, ndipo mawu ake anali kumveka pakati pa malipenga. Leo Fender, amene poyamba anali wokonza mawailesi m'tauni ya Fullerton ku California, anayamba kupanga maampulifaya a dzina lake m'chaka cha 1946. Yaing'ono yotchedwa Champ inali ya mawatt 4 kapena 5, ndipo yaikulu yotchedwa Bassman inafika mawatt 40 kapena kuposerapo pang'ono.

Cholinga cha amisiri amenewa chinali mawu oyera, ofanana ndi a gitala ya bokosi koma okuzidwa. Tsono valavu ili ndi malire ake. Chipata chija chikatseguka kotheratu, sichingatsegukenso kuposa pamenepo, ngakhale woimba akanthe nsambo kolimba chotani. Mawu akafika pa malirewo amaphwanyika nsonga, nasanduka osasa ndi okhuthala, ndipo nsambo imalira nthawi yaitali osaleka msanga. Amisiri anali kuyesa chimenechi cholakwa, nayesetsa kuchipewa. Koma oimba nyimbo za blues ku Chicago ndi ku Memphis, amene anali kutsegula maampulifaya awo ang'onoang'ono mpaka pamapeto kuti amveke m'nyumba za mowa, anaona kuti mawu osasawo afanana ndi a munthu woimba ndi mtima wonse, ndipo anthu ovina anawakonda.

Ena anawapeza mawuwo mwangozi, ena mwadala. M'chaka cha 1951 Willie Kizart, wa m'gulu la Ike Turner, anafika ku Memphis ndi ampulifaya imene inawonongeka paulendo. Mwini nyumba yojambulira, Sam Phillips, anakonda kulira kwake najambula nyimbo ili yowonongeka chomwecho. M'chaka cha 1964 Dave Davies wa gulu la The Kinks ku London anacheka sipika yake ndi lezala pofuna mawu otere. Kuyambira nthawi imeneyo cholakwa chija chinasanduka chuma.

Mpikisano wa phokoso

Pa 15 Ogasiti 1965 gulu la The Beatles linaimba m'bwalo la Shea Stadium ku New York pamaso pa anthu oposa 55,000. Anali ndi maampulifaya a Vox a mawatt 100, koma kukuwa kwa anthu kunamiza nyimbo zonse. Masiku amenewo zokuzira mawu za m'mabwalo zinali zofooka, kotero kuti ampulifaya ya gitala inayenera kudzaza bwalo lonse payokha.

Ku Hanwell, kumadzulo kwa London, kunali mphunzitsi wa ng'oma dzina lake Jim Marshall, amene anali ndi sitolo ya zoimbira. M'chaka cha 1962 iye ndi amisiri ake anapanga ampulifaya yotchedwa JTM45, potsata kamangidwe ka Bassman ya Fender. M'chaka cha 1965 Pete Townshend wa gulu la The Who anapempha ina yamphamvu koposa, ndipo Marshall anampangira ya mawatt 100, ya mavalavu akuluakulu anayi. Pansi pake anali kusanjikiza mabokosi awiri, lililonse la masipika anayi, mulu wake wotalika kuposa munthu. Jimi Hendrix ndi Eric Clapton anaimbira maampulifaya otere, ndipo anyamata a m'maiko ambiri anakhumbira mawu ake.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ampulifaya imeneyi inali kutulutsa mawu okomawo pokhapokha mavalavu akuluakulu atafika pa malire ao, ndiko kuti itatsegulidwa pafupifupi mpaka pamapeto. Woimba akatsitsa voliyumu, kukoma kunali kuthawa. Akakweza, phokoso pafupi ndi masipika linali kupitirira madecibel 110.

Decibel ndiwo muyeso wa kukula kwa mawu. Akatswiri a zaumoyo wa anthu apantchito ku America amalangiza kuti munthu asakhale m'phokoso la madecibel 85 kupitirira maola 8 pa tsiku, ndipo phokoso likakwera ndi madecibel 3 okha, nthawiyo idulidwe pakati. Mwa chiwerengero chimenechi, pa madecibel 100 munthu ayenera kukhalapo mphindi 15 zokha. Pa 31 Meyi 1976, pamene The Who anaimba m'bwalo la mpira la Charlton ku London, phokoso linayesedwa nilipezeka madecibel 126. M'kati mwa khutu muli timaselo tosaoneka tokhala ndi titsitsi, timene timamva mawu, tikafa sitimeranso. Patapita zaka Townshend ananena poyera kuti makutu ake anawonongeka, ndipo Clapton ananenanso chimodzimodzi m'chaka cha 2018, kuti ali kugontha ndi kumva kulira kosatha m'makutu. Akale anati ng'oma yolira sikhalira kusweka; pano chimene chinasweka ndi makutu a oimba.

M'zaka za m'ma 1970 zokuzira mawu za m'mabwalo zinakhala zamphamvu, ndipo kunali kokwanira kuika maikolofoni patsogolo pa ampulifaya yaing'ono. Mawatt 100 aja sanali ofunikanso pa kumveka. Oimba anapitiriza kuwanyamula chifukwa cha kukoma kwa mawu kokha, nakangana ndi eni nyumba zoimbiramo, ndi anzawo a m'gulu, ndi anansi ao kwao.

Njira zoyamba zochepetsera

Munthu angaganize kuti kudula mphamvu pakati kukadathetsa nkhani. Oimba ena anaterodi, nachotsa mavalavu awiri mwa anayi aja kuti mawatt 100 akhale ngati 50. Koma khutu siliwerenga monga sitolo iwerengera ndalama. Kudula mawatt pakati kumachotsa madecibel 3 okha, ndipo womva amangoti mawu atsika pang'ono. Kuti khutu limve ngati phokoso ladulidwa pakati, mawatt 100 ayenera kutsika kufika pa 10. Kuti lidulidwenso pakati kachiwiri, ayenera kufika pa watt imodzi. Ndipo m'chipinda chogona, ngakhale watt imodziyo ndi yambiri. Motero chofunika sichinali kuchepetsa pang'ono ai, koma kuchepetsa ka 100 kapena kuposa.

Njira ina inali kuika batani lachiwiri la voliyumu pakati pa mavalavu ang'onoang'ono ndi akuluakulu. Kampani ya Fender inachita zimenezi m'chaka cha 1972, ndipo ya Marshall m'chaka cha 1975. Woimba anali kukankha mavalavu ang'onoang'ono kufika pa malire ao, kenaka natsitsa mawuwo asanafike ku akuluakulu. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo inafala kwambiri. Koma mavalavu akuluakulu anali kungopuma osagwira ntchito yolimba, ndipo oimba ambiri anadandaula kuti mawu ake ndi opyapyala, olira ngati njuchi m'chitini.

Njira inanso inali kulola ampulifaya kugwira ntchito ndi mphamvu yake yonse, koma kutaya mbali yaikulu ya mphamvuyo isanafike ku sipika. Tom Scholz, woimba gitala wa gulu la Boston amenenso anali injiniya wophunzira bwino, anayamba kugulitsa kabokosi kotere kotchedwa Power Soak m'chaka cha 1980. M'kati mwake munali zitsulo zosandutsa magetsi kukhala kutentha. Kabokosiko kanathandiza ambiri, koma kafanana ndi munthu woponda mafuta a galimoto mpaka pansi uku ali kupondanso buleki. Mavalavu anali kutentha ndi kutha msanga monga ngati ali pabwalo lalikulu usiku uliwonse, ndipo mavalavu ndi okwera mtengo.

Mnyamata wa ku Pasadena

Njira yachitatu inapezeka mwangozi. Eddie Van Halen anabadwira ku Netherlands m'chaka cha 1955, nasamukira ku Pasadena m'boma la California pamodzi ndi makolo ake m'chaka cha 1962. Ali mnyamata anali kuimba m'nyumba zazing'ono ndi Marshall ya mawatt 100, ndipo eni nyumbazo anali kudandaula za phokoso. Monga anasimbira mwini wake atakula, tsiku lina anagula Marshall ina imene inakonzedwera magetsi a ku England, a mavolt oposa 200 monga a ku Malawi ndi ku Zambia. Magetsi a m'nyumba za ku America ndi theka la amenewo. Ataiyatsa inayamba yakhala chete, nayesa kuti ndi yakufa. Patapita nthawi anaipeza ili kulira motsika kwambiri, koma mawu ake ali osasa ndi okoma monga ya pabwalo. Pamenepo anazindikira kuti mavolt akatsika, malire a valavu amatsikanso, ndipo valavu imafika pa malirewo mawu ali ochepa.

Tsono anagula chida chotchedwa Variac, thiransifoma yokhala ndi chopotoza pamwamba, imene kampani ya General Radio inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1930 pothandiza amisiri poyesa zida zao. Anachiika pakati pa khoma ndi ampulifaya, natsitsa magetsi kuchokera pa mavolt pafupifupi 120 kufika pafupifupi 90. Chimbale choyamba cha gulu lake chinatuluka m'chaka cha 1978, ndipo oimba gitala ambiri anataya tulo pofuna kudziwa chinsinsi cha mawu ake.

Koma Variac ili ndi chilema chachikulu. Popeza imakhala pakhomo polowera magetsi, imatsitsa zonse pamodzi, osasiyanitsa magetsi a mitundu iwiri aja. Mavolt a pakhoma akatsika kuchokera pa 120 kufika pa 90, a waya wotenthetsa amatsikanso kuchokera pa 6.3 kufika pafupifupi 4.7. Kachitsulo kapakati kakazizira kamatulutsa ma electron ochepa, ndipo munthu akatsitsabe, valavu imaleka kugwira ntchito. Chotero Variac singapite patali. Pa mavolt 90 mphamvu imatsala pafupifupi theka, ndipo monga kwanenedwa kale, theka la mawatt 100 ndi phokoso lalikulu ndithu.

Kulekanitsa magetsi awiri

Munthu amene anatchuka ndi kukonza chilema chimenechi ndi Kevin O'Connor, mmisiri wa kampani ya London Power, imene inali mumzinda wa London wa ku Ontario m'dziko la Canada, osati wa ku England. Iye analemba buku la amisiri a maampulifaya lotchedwa The Ultimate Tone m'chaka cha 1995, ndipo njira yake anaitcha Power Scaling. Nzeru yake ndi iyi: magetsi otenthetsera asiyidwe pa mavolt 6.3 kuti valavu ikhale yotentha bwino, ndipo atsitsidwe okhawo ambiri aja okokera ma electron m'mavalavu akuluakulu.

Apa masamu amathandiza woimba. Mphamvu ya ampulifaya sitsika mofanana ndi mavolt, koma mofulumira kuposa. Mavolt akadulidwa pakati, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Akatsala gawo limodzi mwa khumi, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa 100. Motero ampulifaya ya mawatt 100 yogwira ntchito pa mavolt 450, ikatsitsidwa kufika pa 225 imapereka mawatt pafupifupi 25, ndipo ikafika pa 45 imapereka pafupifupi watt imodzi. Kumeneku ndiko kuchepetsa ka 100 kumene kunali kufunika kuja.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kutsika pamodzi ndi mavoltwo. Choyamba ndi magetsi ochepa otchedwa bias, amene amagwira chipata cha valavu kuti chikhale chotseguka pang'ono pamene woimba ali chete. Mavolt a plate akatsika bias osatsika, chipata chimatsekeka kotheratu ndipo mawu amatuluka odukaduka. Chachiwiri ndi mawu ochokera ku mavalavu ang'onoang'ono. Akapanda kuchepetsedwa amadzaza mavalavu akuluakulu mopitirira, monga kuthira mtsuko wonse wa madzi m'kapu. Zonse zikatsika molingana, ampulifaya yaikulu imakhala ngati yaing'ono ya kamangidwe komweko. Mavalavu amagwira ntchito osatentha kwambiri, ndipo amakhalitsa.

Chida chimene chimatsitsa mavoltwo ndi transistor yamphamvu ya mtundu wotchedwa MOSFET, imene woimba amailamulira ndi batani limodzi. Nayonso imatentha, ndipo imamangidwa pa chitsulo chotaya kutenthako. Transistor inapangidwa ku Bell Laboratories ku America m'chaka cha 1947, ndipo ndiyo inachotsa mavalavu m'mawailesi ndi m'zida zina zambiri. Mu ampulifaya yotere transistor imatumikira valavu imene inailanda malo.

Amisiri ena anatsata njira yomweyo m'kamangidwe kosavuta. Dana Hall wa ku America anapanga kachida kotchedwa VVR, kamene anthu omanga maampulifaya ang'onoang'ono kunyumba anakakonda. M'chaka cha 2018 kampani ya Marshall, imene inayambitsa mulu wa mawatt 100 uja, inatulutsa maampulifaya otchedwa Origin okhala ndi njira yakeyake yotsitsira mavolt.

Zimene zinatsala

Kutsitsa mavolt sikubweza zonse za pabwalo. M'chaka cha 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories anaonetsa kuti mawu akakhala otsika, khutu silimva bwino mawu a besi poyerekeza ndi apakati. Sipika yolandira watt imodzi sigwedezeka monga yolandira 100, ndipo mphepo ya mawu sibwerera ku nsambo kukaziliritsa monga ichitira pa nsanja. Chifukwa cha ichi alipo oimba amene amanenabe kuti palibe chofanana ndi ampulifaya yotsegulidwa mpaka pamapeto. Anena zoona, koma woimba wofuna mawu osasa tsopano angathe kusankha, pamene Townshend ndi anzake m'chaka cha 1965 analibe chosankha.

Pomaliza pali chenjezo kwa aliyense wokhala ndi ampulifaya ya mavalavu. M'kati mwake muli zosungira magetsi zotchedwa ma capacitor, zimene zingathe kusunga mavolt mazana angapo ngakhale chingwe chitazulidwa pakhoma, ndipo magetsi amenewo angaphe munthu. Ntchito yoikamo chotsitsira mavolt ndi ya mmisiri wophunzira, wodziwa kutaya magetsiwo asanalowetse dzanja. Ndiponso ampulifaya yotere isayatsidwe ndi kuimbidwa popanda sipika, chifukwa thiransifoma yake ingapse. Woimba amene atuluka pa malo oimbira makutu ali kulira adziwe kuti phokoso linapitirira muyeso, ndipo mawa lake atsitse. Valavu ikatha igulidwa ina ku sitolo, koma timaselo ta m'khutu tikafa sitibwereranso.